Bango Loyezera Mwendo wa Achimwene

Mpaka lero, munthu akabwera pa shedi yanga kuti ndimusankhire njinga, sindimuyeza ndi chilichonse. Ndimamuuza aime chotangadza, felemu ili pakati pa miyendo, mapazi onse ali pansi. Ngati pakati pa mpiringidzo ndi thupi lake pakulowa zala ziwiri, njingayo ndi yake. Kenako akhale pa chishalo, aponde pedulo ndi chidendene pamene yatsikira pansi penipeni. Mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendame. Basi, palibenso china. Ena amabwera ndi kachingwe kapena kamtengo, ati ndayeza mwana kunyumba, mundipatse yomukwana. Amenewo ndimawabweza, akabwere naye mwanayo. Amati ndine wamwano, ndipo sakunama kwenikweni, mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Koma pa nkhani ya kamtengoyi si mwano ayi.

Zinachitika matipate atangolowa kumene. Anyamata aja ofunsa makadi a chipani pachipata cha msika anali atazimiririka, aliyense ankayankhula zakukhosi mokweza, ndipo alimi wamba anali ataloledwa kulima fodya wa bale. Munthu akangogulitsa mabelo awiri kapena atatu, choyamba chinali njinga, wailesi pambuyo. Ine ndinali ndi shedi yaudzu pa Mitundu, kumene ndinakwatira. Chuma changa chonse chinkakwana m'kabokosi kamodzi: masipanala, bobojani, hamala, tupa, pulayala, pampu ndi kakiyi komangira masipoko. Khoma limodzi ndi ine kunali kalipentala wina wachikulire, munthu wosachuluka mawu. Kale ankapanga zitseko ndi mipando, koma zaka zimenezo macheka ake ankalira kwambiri pa mabokosi a maliro. Anthu ankatha ndi matenda amene sitinkawatchula dzina.

Achimwene anga, oyamba kubadwa m'nyumba mwathu, anali aafupi koma ojintcha. Ine ndinatalika ngati nsungwi, iwo ankati ndinawabera msinkhu. Anagwira utenanti pa esiteti ya fodya zaka zambiri, ndipo ndinawaonapo atanyamula belo pakaliyala n'kukwera nalo chitunda osatsika. Alamu anga atamwalira, iwo anabwerera kumudzi kwathu, kuseri kwa Nathenje, kwa amayi. Anabwera akutsokomola. Kuchipatala cha mishoni, mbali ya ku Nkhoma, anawagoneka kwa nthawi, kenako anawauza kuti azikatenga mankhwala mwezi ndi mwezi. Poti mphamvu zinali zitachepa, ankawanyamula pa ngolo mpaka pamsewu.

Ngoloyo ndiyo inkawadya mtima kuposa chifuwacho. Njinga anali nayo, ija yaikulu ya mipiringidzo iwiri, koma tsiku lina atayesa kuponya mwendo anagwa nayo, njinga pamwamba iwo pansi, azimayi akuona. Nditapita kukawazonda, anadikira amayi atuluke, n'kundikoka malaya.

"Iwe, ngolo ndi ya manyowa ndi maliro," anatero. "Ukandipezere njinga yaing'ono, yoti ndikwere ndekha. Ndikufuna ndikalowe pachipata cha chipatala chija ndikupalasa, osati atandiyala ngati thumba la chimanga."

Ndinawalonjeza pomwepo. Munthu ameneyu ndiye anandiphunzitsa kupalasa, akundithamangira pambuyo atagwira chishalo. Sanandipemphepo kanthu chibadwire.

Ku Mitundu ndinapeza mafelemu akale atatu, onse osiyana msinkhu. Sindinafune kulota. Munthu wamphamvu njinga ikamukulira amangoigonjetsa, koma wodwala ikamukulira ndi chala chimodzi chokha imamugwetsa, ndipo ikamuchepera imamutha maondo. Ndiye Loweruka lina, m'mwezi wa Okutobala, ndinapalasa kubwerera kumudzi kuti ndikaone mwendo wawo bwinobwino.

Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Mudzi wonse unali zii. Kunali msonkhano wa chipani pa Nathenje, malole anali atatuta anthu m'mawa, ati kukagawidwa nsalu. Ngakhale agalu sanandiuwe. Nyenje zokha ndizo zinkalira m'mitengo, kulira kuja koboola makutu. Achimwene ndinawapeza pakhonde, atagona chagada pamphasa, manja ali m'mbali, chitenje cha amayi chitawafunda mpaka pachifuwa. Ndinaima kaye mpaka ndinaona chitenjecho chikukwera ndi kutsika.

Amayi anali atandiuza kale kuti usiku sagona ndi chifuwa, tulo tawo timabwera masana okha. Ndiye ndiwadzutse? Ndiwaimiritse padzuwa chifukwa cha felemu? Pambali pa nyumba panali mtolo wa mabango amene amayi anasungira munthu wodzawasokera mphasa. Ndinasolola limodzi osasankha, ndinagwada, n'kuliyala pambali pawo. Tsinde lake ndinalilinganiza ndi chidendene, ndipo pamene mwendo unathera ndinacheka kachizindikiro ndi mpeni. Ndinabwerezanso kachiwiri kuti nditsimikize, monga mmisiri aliyense amachitira.

Nditadzutsa mutu, amayi anali chiimire pakona ya nyumba, ndowa yamadzi ili pamutu. Sanakuwe. Anaitula pang'onopang'ono, madzi osatayika ngakhale dontho. Ine sankandiyang'ana. Maso awo ankayenda ndi bango lija, kuchokera kumapazi mpaka kumutu, n'kubwereranso.

"Wakutuma ndani?" anafunsa chapansipansi.

Apo m'pamene ndinadziona mmene ndinkaonekera. Kwathu munthu akamwalira, adzukulu, aja osamala mtembo ndi kukumba manda, amakadula bango kudambo n'kuliyala pambali pa malemu. Bango lomwelo limapita kwa kalipentala kukayezera bokosi, limapita kumanda kukayezera dzenje, ndipo pomaliza amaliponya momwemo. Silibwerera kumudzi. Ndinkazidziwa zimenezi, ndani sazidziwa? Koma mutu wanga unali utadzaza mafelemu.

"Amayi, ndi za njinga izi. Ndikuyeza mwendo wokha."

"Lichotse pamenepo."

"Ndamaliza kale."

"Wamaliza," anatero amayi. "Mwana wanga akupuma, iwe wamaliza."

Ndikanapepesa zikanathera pomwepo mwina. Koma manyazi akandigwira, ine amatulukira ku mkwiyo. Ndinadzuka n'kuyamba kulalata. Ndinati ndiye ndikanatani, ndimudzutse munthu woti sagona? Ndinati bango ndi udzu chabe, silinapheko munthu, matenda ali m'chifuwa osati m'bango. Ndinati dziko lasintha, anthu akuvota, inu mukuopabe udzu! Mawu amenewa ndinawayankhula mokweza, pamutu pa munthu wodwala, kwa mayi wondibereka. Ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Achimwene sanagwedezeke n'komwe.

"Lithyole," anatero amayi.

"Ndikalithyola, muyeso wanga utayika."

Ndinalimangirira pa mpiringidzo wa njinga yanga n'kunyamuka osamwa ndi madzi omwe.

Panjira m'pamene zachilendo zinayambira. Mkulu wina amene ankabwera kutsogolo kwanga anapatuka n'kuvula chipewa. Ndinaganiza kuti wandifanizira ndi wina. Patsogolo pang'ono azimayi atatu osenza nkhuni anasiya kucheza, anaima m'mbali mwa njira, mmodzi n'kufunsa mwaulemu, "Zagwa kuti, bambo?" Ndinayankha mokalipa kuti sizinagwe paliponse, n'kupalasa mwamphamvu. Phiri la Bunda linkaoneka patsogolo koma losayandikira, ndipo njira yonse nsonga ya bango inkagunda handulo, go go go.

Nditafika pa shedi, kalipentala uja anasiya kupala thabwa. Anapukuta manja pa ovololo, anabwera n'kutambasula manja onse awiri.

"Pepani, aneba. Ndani?"

Ndisanayankhe anali atalimasula kale. Analiimika pansi, analiyang'ana kamodzi kokha n'kunena kuti, "Munthu wamfupi."

Ndinalitsomphola m'manja mwake. Ndinamuonetsa pamene ndinacheka, ndinamufotokozera za mwendo, za felemu, za ngolo. Anamvetsera zonse akugwedeza mutu.

"Chabwino, ndamva," anatero. "Koma musamaligoneke pansi. Liziima."

Ndinaseka mokweza kuti amve, komabe ndinaliimika pakona.

Bango linasankha felemu yapakati, ya mphunzitsi wina amene anaigunditsa pa chitsa. Ndinaigwira ntchito imeneyi kuposa njinga iliyonse imene ndinakonzapo. Felemu yakale usamaikhulupirire penti. Pala ndi tupa pamene mapaipi akumana, uone ngati palibe mng'alu, chifukwa mng'alu umabisala pomwepo. Foloko inali itapindikira m'mbuyo, ndinaiwongola ndi paipi yaitali, pang'onopang'ono, osaimenya ndi hamala, poti chitsulo chomenyedwa chimadzakubwezera pamtsetse. Mahabu ndinawatsuka ndi palafini, ndinawerenga mabolo, timipira tachitsulo ta m'kati tija, mbali zonse kuti afanane, n'kuwapaka girizi watsopano. Malimu ndinawawongola masiku awiri. Sipoko amaimanga theka, n'kupita ina, theka, n'kupita ina; wofulumira amapanga dzira m'malo mwa gudumu. Kumbuyo ndinaika sipuloketi yaikulupo kuti mapedulo apepuke, munthu wopanda mpweya athe kukwera kachitunda.

Koma m'mawa uliwonse ndikatsegula shedi, bango ndinkalipeza lili pansi.

Tsiku loyamba ndinati ndi mphepo. Lachiwiri ndinati makoswe. Chinkandivuta n'chakuti silinkagwa mwachisawawa, kutsamira kabokosi kapena kupingasa pa matayala. Linkagona pakati penipeni pa shedi, lowongoka, ngati wina waliyala ndi manja. Ndinalitsamiritsa ndi njerwa, m'mawa lili pansi. Ndinalimangirira ndi luzi ku phaso la denga. Patapita masiku awiri ndinapeza chiswe chadya luzi lonse, chasiya dothi lake pa phaso, bango lili pansi pamalo pake pomwe paja. Chiswe cha pa shedi imeneyo chinali chitandidyera mpini wa hamala ndi mwendo wa benchi, koma bango louma sichinalilawe ngakhale pang'ono.

Sindinauze munthu. Ndinkangolidzutsa msangamsanga aneba asanafike, n'kuyamba kuimba likhweru ngati palibe kanthu. Koma mantha ndinali nawo, ndisaname. Basi iliyonse ikaima pamsika ndinkayang'ana otsika, kuopa kuona nkhope ya kwathu.

Sabata yachiwiri ndinaona matabwa anayi kuseri kwa benchi ya kalipentala, opalidwa bwino, odulidwa kale, aafupi. Tsiku lomwelo kunabwera anthu ofuna bokosi ndipo ndinamumva akuwauza kuti adikire, matabwa atha, atuma munthu kukagula. Atachoka ndinalowa.

"Nanga awo?"

"Ndangowapatula."

"Mwapatulira ndani?"

Anapitiriza kunola chizulo chake pamwala. Ndinamutukwana mawu amene sindingawalembe pano. Ndinamutcha fisi wonunkhiza maliro, ndinati akudikira abale a anthu afe kuti iye adye nyama. Anthu anasonkhana, ogulitsa tomato mpaka anasiya malonda. Mkuluyo anangondiyang'ana ndi maso achisoni, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima koposa. Tinatha masiku osapatsana moni.

Mayi a kunyumba atamva phokosolo anandifunsa, ndipo ndinawauza zonse. Anagwira pakamwa.

"Inu, chinthu chimenecho mukuchisungiranji? Kachiwotcheni."

"Ndikamaliza chishalo."

Chishalo ndinachimaliza mawa lake. Ndinatsitsa pedulo pansi, ndinaimika tsinde la bango pamenepo, n'kukweza chishalo mpaka chinalingana ndi kachizindikiro kaja. Ndinaonetsetsa kuti chitsulo cha chishalo chatsalira m'felemu zala zinayi, chifukwa chikatsala pang'ono chimang'amba paipi. Ndinamanga bawuti. Ntchito ya bango inathera pomwepo.

Ndinapita nalo kuseri, kumene ndinkatenthera zigamba, machesi ali m'manja. Ndinaima. Muyeso wa munthu wamoyo, ndiuwotche? Ndinaganiza zolithyola, nazonso zinandikanika. Ine yemwe uja ndinati ndi udzu chabe! Ndinalikulunga m'chiguduli kuti apanjira asandifunsenso, n'kulimangirira pa njinga yatsopanoyo. Ndinati ndikalitaya mumtsinje.

Ulendo umenewo ndinaseketsa anthu. Munthu wamtali pa kanjinga kakang'ono, maondo akugunda mahandulo ngati chule pa mpando. Sindinakweze chishalo ngakhale pang'ono, ndinalolera kuwawa msana. Pa mlatho ndinatsika. Madzi anali ochepa, obiriwira, osayenda. Ndinamasula chiguduli, ndinagwira bango pamwamba pa madziwo, ndipo m'maso mwanga munabwera chithunzi cha bango likuyandama chogona, likupita lokha. Ndinalikulunganso. Nditafika kumudzi ndinazembera kuseri n'kulisomeka mu udzu wa denga la nkhokwe, kenako ndinatulukira kutsogolo ndikuliza belu.

Amayi anandiyankha moni ngati akuyankha wogula nkhuku. Achimwene anali ataondanso, lamba atamuboola mabowo ena awiri. Koma ataona njinga maso awo anawala. Anaizungulira, anaitsina matayala, anayesa mabuleki.

"Penti iyi ndiye wandinyoza nayo," anatero. "Yobiriwira ngati ya abusa."

"Kwerani, musachuluke zonena."

Anaponya mwendo mosavuta. Anaima chotangadza, ine n'kulowetsa zala pa mpiringidzo: ziwiri ndendende. Anakhala pa chishalo, chidendene pa pedulo, mwendo unawongoka bwinobwino. Ndinagwira chishalo kumbuyo monga ankandichitira kale, iwo anati, "Siya, iwe!" Ndinasiya. Njinga inadzandira kawiri, kenako inalunjika. Anapita mpaka pa chulu cha kumapeto kwa mudzi, anakhota, anabwerera akuliza belu ngati mwana. Amayi anali atagwira chitenje pakamwa, sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira. Poima anangotsitsa phazi, linafika pansi lonse. Ndinasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wanga.

Anakhala pamphasa n'kutsokomola nthawi yaitali. Amayi atalowa kukatenga thobwa, anandikodola.

"Tsiku lija sindinagone," anatero.

Ndinakhala pansi pambali pawo.

"Ndinakumva ukusolola bango. Ndinamva kuzizira kwake pa mwendo. Ndinati ndione ngati mng'ono wanga amadziwa ntchito. Unayeza kawiri." Anaseka. "Lili kuti?"

"Ndinataya."

"Iwe? Iwe wosunga bawuti yakutha mazinga? Usandinamize." Anayang'ana kukhomo kuti aone ngati amayi akubwera, n'kutsitsa mawu. "Pa maliro a abambo iwe unafika atakhoma kale bokosi. Ine ndinalipo. Adzukulu anayeza atalawa kachasu, bokosi linabwera lalifupi. Anawapinda maondo, iwe. Anachita kukanikiza chivundikiro anthu awiri. Munthu woyenda chowongoka moyo wake wonse anapita atakhwinyata ngati nkhuku ya m'dengu. Zimenezo zisadzandichitikire. Tsiku likadzafika, udzandiyeze ndiwe."

Mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinati ine ndatha masabata atatu ndikukonzera njinga munthu wamoyo, iwo akundiuza za mabokosi? Ndinati akapitiriza zimenezo njingayo ndibwerera nayo. Anangondimenya pa bondo n'kunena kuti, "Ukali wakowu udzakukalambitsa msanga." Amayi anatulukira ndi thobwa, nkhani inathera pomwepo.

Anapalasa okha kupita kuchipatala katatu. Ankanyamuka kukungocha, ankapuma pansi pa mitengo, ankagona kwa msuweni wathu chapakati pa njira, mawa lake n'kubwerera mankhwala ali m'kachitini pakaliyala. Palibe anawanyamula. Ulendo woyamba atabwerako anauza mudzi wonse kuti mlonda wa pachipata anawakalipira kuti atsike, njinga salowa nazo akupalasa, ndipo ankaifotokoza nkhaniyi monyadira ngati apatsidwa mendulo. Amayi anayambanso kundiyankha moni bwino, mpaka ananditumizira mtedza. Ine ndinayamba kuyenda chifuwa patsogolo. Tsiku lina ndinasuzumira kwa kalipentala n'kumuuza kuti, "Matabwa anu aja, pangani mpando." Anati, "Zikomo, aneba," osadzutsa mutu. Matabwawo anakhalabe pamene anali.

Uthenga unandipeza m'mawa, chimanga chitayamba kumasula, ndili pakati pomata chubu cha munthu. Ndinasiya momwemo. Njira inali matope okhaokha, ndinafika kumudzi dzuwa litakwera ndithu. Masamba anali atayalidwa kale panjira yolowera. Pabwalo ndinakumana ndi adzukulu awiri, mmodzi atagwira chikwanje, akulowera kudambo kukadula bango.

Mayi wina anatuluka m'nyumba n'kuwauza kuti adikire, kenako anandiitana ine. Ndinalowa. Munali mdima pang'ono ndi fungo la utsi. Achimwene anali pamphasa chagada, manja m'mbali, atawafunda chitenje chomwe chija. Amayi anakhala chakumutu kwawo, maso ali gwa, osalira.

"Katenge," anatero. "Lili pa denga la nkhokwe, mbali ya kumadzulo."

Sindinawafunse kuti anadziwa bwanji. Ndinapita n'kulisolola. Mvula yonse ija inali itavunditsa chiguduli, chinkangonyotsoka m'manja, koma bango linali louma, loyera, ngati ladulidwa dzulo. Mkulu wa adzukulu anang'ung'udza pakhomo kuti wachibale sagwira ntchito imeneyi. Amayi anati mwini wake ananena yekha, ndipo mkuluyo anandipatukira.

Ndinagwada pamalo pomwe ndinagwada tsiku lija, mbali ya kumanja kwawo. Ndinatulutsa mpeni kuti ndidule potsala, kapena ngati lichepa ndiuze adzukulu akatenge lina. Tsinde ndinalilinganiza ndi chidendene. Kachizindikiro kanga kanagwera pamene mwendo unathera, monga kale. Ndinayendetsa chala kupitirira pamenepo, m'mbali mwa nthiti, paphewa, pakhutu. Bango linathera paliwombo penipeni. Panalibe chodula, panalibe chowonjezera. Ndinabwereza kachiwiri, ndipo zinali chimodzimodzi. Bango limene ndinalisolola pamtolo osayang'ana n'komwe.

Mkulu wa adzukulu anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda chitseko. Azimayi amene ankalira chapansipansi anasiya.

"Ine ndinaona tsiku lomwe lija," anatero amayi. "Iwe unkayang'ana mwendo wokha."

Pa Nathenje akalipentala analipo, koma ndinapalasa mpaka ku Mitundu, bango lili pa mpiringidzo osakulunga. Opatuka anapatuka, ovula zipewa anavula, ndipo wofunsa ndinamuyankha bwinobwino kuti zagwa kwathu. Aneba atandiona sanafunse kuti ndani. Anatenga matabwa anayi aja, ine ndinawagwirira pokhoma, ndipo pamene ndinayamba kupepesa anati, "Gwirani bwino apo, aneba, lingapendame."

Mawa lake achimwene analowa m'bokosi miyendo ili yowongoka, chivundikiro chinakhala chokha popanda wokanikiza. Kumanda, atatsitsa, mkulu wa adzukulu sanafune kuligwira bango lija. Anandilozera ndi mutu kuti ndiliponye ndekha. Ndinaima m'mphepete mwa dzenje nthawi yaitali, anthu akudikira ndi makasu, chala changa chili pa kachizindikiro kaja ka chishalo. Amayi anandigwira pa chigongono, ndipo ndinalisiya.